Kuyeza silikoni wochepetsetsa m'zitsulo pogwiritsa ntchito manyutroni: ndondomeko yake, ndi dzenje la manganizi

Chaka chilichonse pamapezeka wophunzira kemisitiri amene wapeza mwayi wokachita kafukufuku pa riyakitala ya nyukiliya yakunja, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: "Andipatsa chitsulo kuti ndipeze silikoni amene alimo, ndachiika mu riyakitala, koma makina owerenga gamma sakuonetsa kanthu. Ndalakwitsa pati?" Funsoli ndaliyankha pafoni, pa WhatsApp, ngakhale paukwati anthu ali kalikiliki kufupa. Lero ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Simunalakwitse. Riyakitala imawomba chitsulo ndi manyutroni kuti maatomu ena ayambe kutulutsa cheza (radiation) cha mitundu monga gamma ndi beta, koma silikoni ndi wotero, salankhula pa makina a gamma. Muyenera kumutulutsa m'chitsulomo ndi makemikolo, n'kumuwerenga payekha. Ndipo mukamutulutsa, ntchito yaikulu imakhala yotsimikizira kuti amene mukumuwerengayo ndi iyedi.

Ku Malawi kulibe riyakitala, choncho zonsezi mukazichitira kwa eni ake, monga pa SAFARI-1 ku Pelindaba ku South Africa, pa GHARR-1 ku Kwabenya kufupi ndi Accra, kapena pa NIRR-1 ku Zaria ku Nigeria. Malamulo awo a chitetezo ndi amene ali pamwamba pa zonse zimene ndalemba pano.

Kodi njirayi mukuifunadi?

Ngati chitsulo chanu chili ndi silikoni wambiri, monga chitsulo cha m'mathiransifoma chimene chimakhala ndi pafupifupi 3 peresenti, musavutitse riyakitala. Sungunulani, umitsani silika (silikoni wophatikizana ndi okosijeni), yezani pasikelo, nkhani yatha. Manyutroni ndi a pamene silikoni ali wa ma ppm ochepa, kutanthauza mamaikirogalamu owerengeka pa galamu imodzi ya chitsulo. Pamlingo umenewo njira zina zimavuta chifukwa silikoni ali ponseponse: m'fumbi, m'galasi la botolo, m'madzi, m'asidi amene. Mumapezeka kuti mukuyeza dothi la m'labu mwanu. Ubwino wa njira imene George de Hevesy ndi Hilde Levi anaiyambitsa ku Copenhagen mu 1936 ndi woti silikoni yekha amene analowa mu riyakitala ndi amene amatulutsa cheza. Fumbi logwera pambuyo pake makina saliwerenga.

Mawu anayi oti tigwirizane

*Aisotopi*: maatomu a chinthu chimodzi koma olemera mosiyana. Silikoni wachilengedwe ali ndi atatu: Si-28 ali 92.2 peresenti, Si-29 ali 4.7 peresenti, Si-30 ali 3.1 peresenti. Wathu ndi wachitatuyu. Akameza nyutroni amasanduka Si-31, amene amatulutsa cheza cha beta n'kukhala fosiforasi, P-31.

*Half-life*: nthawi imene theka la maatomu otulutsa cheza limatha. Ya Si-31 ndi mphindi 157, kapena kuti maola 2.6. Nambala imeneyi muiloweze pamtima.

*Carrier*: silikoni wamba, wosalowa mu riyakitala, amene mumamuthira dala mochuluka kuti aperekeze maatomu ochepa a Si-31 m'njira yonse. Ine ndimangomutcha mperekezi.

*Standadi*: silikoni wodziwika kulemera kwake amene mumamuika mu riyakitala pamodzi ndi sampulo kuti mukhale ndi chofanizira.

1. Funsani mbiri ya sampulo musanaikhudze

Ndi chitsulo chanji? Muli manganizi, nikelo, fosiforasi ndi salifa wochuluka bwanji? Anachidula ndi chiyani? Ngati anachipala ndi sandipepa wa silicon carbide, khungu lake ladzaza kale silikoni wachilendo. Lembani mayankho onse, chifukwa aliyense mwa iwo adzakuthandizani patsogolopa.

2. Funsani ngati silikoniyo ndi wachilengedwe

Funsoli ambiri amaliseka, koma masiku ano ndi lofunika. Masamu onse a njirayi amatsamira pa mfundo yoti sampulo ndi standadi zili ndi Si-30 wofanana, 3.1 peresenti. Pali silikoni amene anapetedwa dala, ndipo njira imodzi yopetera ndi leza.

Zimayenda chonchi. Molekyulu iliyonse imanjenjemera pa liwiro lakelake, ndipo yokhala ndi atomu yolemera imanjenjemera pang'onopang'ono poyerekeza ndi inzake, monga mmene nsambo yokhuthala ya gitala imalirira mawu a besi. Akatswiri a ku Japan, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti mpweya wa Si2F6 ukawombedwa ndi leza ya carbon dioxide, ya kuwala kosaoneka ndi maso kwa pafupifupi mamaikiromita 10, ndipo lezayo itatchunidwa bwino, mamolekyulu okhala ndi Si-29 ndi Si-30 ndi amene amameza kuwalako kwambiri mpaka kusweka. Zoswekazo zimatuluka ngati mpweya wa SiF4 wochuluka maaisotopi olemera, ndipo Si2F6 wotsalayo amakhala wochuluka Si-28. Kampani ya Silex ku Lucas Heights, kufupi ndi Sydney, ikugwiritsanso ntchito leza pofuna kupanga Si-28 woyeretsetsa wa makompyuta a quantum. Si leza yokha ayi: silikoni wa mipira imene inathandiza kusintha tanthauzo la kilogalamu mu 2019 anapetedwa ndi makina a centrifuge ku Russia, mpaka Si-28 kupitirira 99.99 peresenti.

Tsopano werengani nokha. Ngati Si-28 wapitirira 99.99 peresenti, Si-30 sakufika ndi 0.01 peresenti yomwe. Mukayerekeza sampulo yotero ndi standadi wachilengedwe, yankho lanu lichepa kuposa ka 300. Zimathekanso kutembenuza nkhaniyi kuti ikupindulireni. Amene akufufuza mmene silikoni amalowera m'chitsulo chosungunuka kuchokera m'chiwiya chosungunuliramo angagwiritse ntchito silikoni wochulukitsidwa Si-30. Akafika cha m'ma 90 peresenti, cheza chimakwera pafupifupi ka 30. Chachikulu n'choti standadi achokere mu silikoni yemweyo.

3. Dulani ndi kukulunga

Kachidutswa kamodzi ka mamiligalamu 100 mpaka 500 ndi kabwino kuposa ufa kapena zopalapala, chifukwa kachidutswa mungathe kukasupula khungu pambuyo pake. Musaike sampulo m'kachubu ka quartz. Anthu amachita zimenezi mwachizolowezi chifukwa quartz ndi imene imapezeka m'madirowa a malabu ambiri a nyukiliya, kuiwala kuti quartz ndi silika yekhayekha. Gwiritsani ntchito timabotolo ta polyethylene, koma funsani eni riyakitala kuti timapirira maola angati pamalo amene mwapatsidwa, poti pulasitiki imafooka ndi cheza. Girizi wa silikoni asayandikire n'komwe.

Konzani mapaketi atatu: sampulo, standadi, ndi kafosiforasi koyera, mwachitsanzo ammonium phosphate. Ntchito ya kachitatuka muiona posachedwa. Onse akhale mogundizana kuti alandire manyutroni ofanana.

4. Sankhani malo ndi nthawi mu riyakitala

Pemphani malo amene manyutroni ake ndi ozizira, otchedwa thermal, ndipo othamanga ndi ochepa. Chifukwa chake ndi fosiforasi. Nyutroni yothamanga ikagunda P-31 imathothola pulotoni n'kusiya Si-31, yemweyemweyo amene mukumufuna, ndipo palibe kemikolo padziko lino imene ingamusiyanitse ndi weniweni. Pamalo pamene manyutroni othamanga ali limodzi mwa magawo 10 a ozizira, maikirogalamu imodzi ya fosiforasi imaoneka pafupifupi ngati maikirogalamu imodzi ya silikoni. Salifa nayenso amachita zomwezo kudzera mwa S-34, koma pang'ono. Timariyakitala ting'onoting'ono ta makilowati pafupifupi 30 ngati ta ku Kwabenya ndi ku Zaria tili ndi manyutroni othamanga ambiri pamalo ake am'kati, choncho kumeneko nkhaniyi muitengere pamtima.

Pa nthawi, maola 2.6 amakupatsani theka la cheza chonse chimene chingatheke, maola 5.2 amakupatsani magawo atatu mwa anayi. Kupitirira pamenepo mukungonenepetsa adani okhalitsa monga Na-24 (sodium) wa half-life ya maola 15 ndi P-32 wa masiku 14.3.

Apa ndiyankhenso funso loyamba lija ndi manambala. Pamalo pamene manyutroni 10,000,000,000,000 amadutsa pa sikweya sentimita pasekondi, maikirogalamu imodzi ya silikoni ikakhala maola 2.6 imatuluka ndi mabekerele pafupifupi 350, kutanthauza maatomu 350 osweka pasekondi. Mukamamaliza za makemikolo atsala mwina 120. Mwa maatomu a Si-31 pafupifupi 1,800 amene akusweka, imodzi yokha ndi imene imatulutsa gamma ya 1266 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya cheza). Makina anu owerenga gamma, a germanium, angagwire ma gamma asanu pa ola lathunthu, atakwiririka pansi pa phokoso la chitsulo chonse. Koma atomu iliyonse imatulutsa beta. N'chifukwa chake timawerenga beta.

5. Supulani khungu

Sampulo ikatuluka, iviikeni m'asidi kwa kanthawi kuti khungu lakunja lichoke, tsukani, umitsani, ndipo muiyezenso pasikelo. Kulemera kwachiwiriku ndi kumene mudzagwiritse ntchito powerengera. Chitsulo chokhala ndi manganizi chimatuluka chikulavula cheza kwambiri: gwirani ndi zopanira zazitali, kuseri kwa njerwa za mtovu, dozimita, kachipangizo koyeza cheza chimene mwalandira, ili pachifuwa.

6. Sungunulani pamodzi ndi mperekezi

Thirani mperekezi, mwachitsanzo mamiligalamu 20 a silikoni ngati sodium silicate, sampulo isanayambe kusungunuka, osati itatha. Silikoni aliyense wotayika mperekezi asanafike sadzadziwika kuti anatayika. Thiraninso manganizi, nikelo ndi fosifeti wamba pang'ono. Amenewa ntchito yawo ndi kugwira abale awo otulutsa cheza kuti atsalire m'madzi, asamatirire pa silika.

Cholakwika chofala n'kuganiza kuti zinthu zikangokhala m'bika imodzi ndiye kuti zasakanikirana. Silikoni wa m'chitsulo akhoza kukhala m'timiyala ta silika timene asidi satisungunula, pomwe mperekezi wanu ali m'madzi. Awiriwa sanakumane. Mukaona zotsalira pansi, zisefeni, zisungunuleni pamoto ndi sodium carbonate m'kachiwiya ka pulatinamu, muzibwezere m'madzi aja. Aluminiyamu musungunuleni ndi sodium hydroxide m'chiwiya cha pulasitiki kapena cha nikelo, chifukwa m'asidi gawo lina la silikoni limatha kuthawa ngati mpweya kapena kutsalira ngati tiufa takuda.

7. Lekanitsani silikoni, kawiri, ndi njira ziwiri zosiyana

Apa ndi pamene mabuku ambiri amangoti "lekanitsani silika, werengani," n'kudutsa. Tikhalepo pang'ono.

Makina owerenga beta ndi akhungu. Sadziwa kuti beta yachokera kwa yani, amangowerenga. Njira yachizolowezi yodziwira mwini beta ndi kuwerenga kangapo n'kuona kuti cheza chikutsika pa liwiro lanji. Chikatsika ndi theka pa maola 2.6, wophunzira amadumpha ndi chimwemwe kuti wapeza silikoni. Koma taonani: half-life ya Mn-56 (manganizi) ndi maola 2.58. Ya Ni-65 (nikelo) ndi maola 2.52. Ya Si-31 ndi maola 2.62. Pagirafu atatuwa ndi mapasa. Mzere wanu ukhoza kukhala wowongoka mosiririka, koma n'kukhala chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Choipa kwambiri n'choti manganizi ndi wadyera pa manyutroni. Manganizi yense wachilengedwe ndi Mn-55, ndipo amameza manyutroni mosavuta, pomwe mwa silikoni ndi maatomu atatu okha pa 100 amene amagwira ntchito, nawonso monyinyirika. Pa kulemera kofanana, manganizi amatulutsa cheza choposa cha silikoni pafupifupi ka 2,000. Tiyerekeze kuti chitsulo chili ndi manganizi 100 ppm ndi silikoni 10 ppm. Cheza cha manganizi chiposa cha silikoni ka 20,000. Kuti cholakwika chanu chisapitirire 1 peresenti, pa maatomu 2,000,000 a manganizi payenera kutsala imodzi yokha. Ndipo ngati sampulo ndi ayironi, ngakhale woyera bwanji, manyutroni othamanga amapanga Mn-56 kuchokera kwa Fe-56, aisotopi wa ayironi mwiniwake.

Kusefa kamodzi sikungafike pamenepo. Chitani motere.

Choyamba, umitsani silika. Wiritsani madzi aja ndi perchloric acid mpaka utsi woyera wokhuthala utuluke, kwa mphindi pafupifupi 15. Silikoni amasanduka silika wosasungunuka. Ziziritsani, thirani madzi, sefani, tsukani ndi hydrochloric acid wosungunulidwa wotentha, kenako madzi. Izi zimachotsa manganizi wambiri, koma silika ali ngati chinkhupule, amagwirira zinthu. Ngati chitsulo chili ndi niobium, tantalum kapena tungsten, zimenezi zimatsikira limodzi ndi silikayo.

Chachiwiri, muulutseni. Ikani silika uja m'chiwiya cha Teflon kapena cha pulatinamu, thirani sulphuric acid wamphamvu ndi hydrofluoric acid pang'ono, tenthetsani, ndipo mpweya wa nayitrojeni uzikankha SiF4 wotulukayo kulowa m'botolo la pulasitiki lokhala ndi sodium hydroxide. Manganizi ndi nikelo sauluka; amatsala. Apa pali misampha iwiri. Madzi akachuluka m'chiwiyamo, SiF4 satuluka, amangosungunukamo, ndipo ngati machubu ali onyowa amasanduka silika m'njira n'kutseka chubu. Msampha wina ndi galasi. Hydrofluoric acid amadya galasi, ndipo silikoni wa m'galasiyo, ngakhale satulutsa cheza, amadziphatika pa mperekezi wanu. Mudzayeza silika wochuluka, mudzaganiza kuti simunataye kanthu, ndipo yankho lanu lidzatsika mwachinyengo. Paliponse pamene pakudutsa fluoride pasakhale galasi.

Arsenic ndi germanium nazo zimatha kuuluka ndi fluoride. Ngati mbiri ya sampulo ikuti zilimo, zichotseni poyamba poumitsa madzi aja ndi hydrochloric ndi hydrobromic acid.

Chachitatu, bwezerani silikoni ku silika: thirani boric acid kuti amange fluoride, umitsaninso ndi perchloric acid, sefani, otchani pa madigiri pafupifupi 1,000, yezani. Mu silika, silikoni ndi 46.7 peresenti, choncho mperekezi wa mamiligalamu 20 akanapulumuka yense akanapereka mamiligalamu 42.8. Mukapeza 30, ndiye kuti mwapulumutsa 70 peresenti. Zimenezo n'zabwino ndithu. Musataye ola kusakasaka 95 peresenti. Ola limenelo lokha limadya pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a cheza chanu. Kuli bwino kutaya silikoni wina n'kutsala ndi woyera.

Zonsezi muziyeserere kaye ndi chitsulo chosalowa mu riyakitala, wotchi ili patebulo, katatu kapena kanayi, mpaka muzimaliza m'maola osapitirira atatu. Tsiku lenileni si lophunzirira kulumikiza machubu.

Pa chitetezo sindikunyengererani. Hydrofluoric acid akakudonthera sapweteka nthawi yomweyo, koma amalowa mpaka kufupa ndipo amapha. Mafuta a calcium gluconate akhale pafupi musanatsegule botolo. Perchloric acid wotentha akakumana ndi mapepala, mowa wa m'labu kapena mafuta amaphulika, ndipo amafuna kabati yakeyake yokoka utsi. Pepala losefera mulitsuke mpaka asidiyu atatheratu musanaliotche. Musagwire ntchitoyi muli nokha.

8. Muikeni pa mayeso atatu

Yalani silika mopyapyala pakambale kowerengera, standadi naye chimodzimodzi, wolemera mofanana, poti ufa wokhuthala umameza beta zake zomwe. Njira ina yabwino ndi kuwerenga madzi a m'botolo la sodium hydroxide lija pa makina a liquid scintillation, owerenga kuwala kotuluka m'madzi, popanda kuthiramo mankhwala owalitsa. Beta za Si-31 zimafika 1.49 MeV (MeV imodzi ndi ma keV 1,000), ndipo zothamanga chotero zimatulutsa zokha kuwala kofooka kotchedwa Cherenkov m'madzi, pomwe beta zofooka zosafika 0.26 MeV sizioneka n'komwe.

Mayeso oyamba: musanawerenge beta, ikani sampulo pa makina a germanium kwa mphindi 10. Makina amene anakukhumudwitsani aja tsopano ndi mlonda wanu. Pafupifupi atomu iliyonse ya Mn-56 imatulutsa gamma ya 847 keV, choncho ngakhale kamanganizi kochepetsetsa kamaonekera. Yang'ananinso pa 1482 keV, pa nikelo. Sampulo yabwino ya silikoni iyenera kukhala pafupifupi zii. Mukaona nsonga pagirafu pa 847, werengerani beta zimene manganiziyo akupereka n'kuzichotsa, kapena bwerezani kuulutsa ngati nthawi ilipo.

Mayeso achiwiri: timapepala ta aluminiyamu. Ikani pakati pa sampulo ndi makina, mukuwonjezera kukhuthala. Beta za Si-31 zimathera pa mamilimita pafupifupi 2.5. Zamphamvu za Mn-56, za 2.85 MeV, zimaboola mpaka cha pa mamilimita 5. Chitani zomwezo ndi standadi. Mizere iwiriyo iyenera kugonerana.

Mayeso achitatu ndi aja a nthawi. Werengani pa theka la ola lililonse kwa maola 8 kapena 10, ndiyeno mawa lake, ndiyeno patatha masiku atatu. Mayeso amenewa sagwira manganizi, koma amagwira okhalitsa. Pakatha tsiku lathunthu Si-31 amakhala atatsika kuposa ka 500, choncho chilichonse chimene chikuwerengekabe ndi mlendo, kawirikawiri P-32 kapena Na-24. Chotsani mchira umenewo pa manambala onse oyamba.

9. Werengerani

Nambala iliyonse ichotsedwe phokoso la makina opanda sampulo, igawidwe ndi gawo la mperekezi amene anapulumuka, ndipo ibwezeredwe pa mphindi imodzi yomweyo, monga imene zinthu zinatuluka mu riyakitala. Kusiyana kwa mphindi 10 zokha pakati pa sampulo ndi standadi ndi 4 peresenti, choncho wotchi ikhale imodzi, osati wina ya pakhoma wina ya pafoni.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekezera. Standadi wa mamaikirogalamu 500 wapereka beta 60,000 pamphindi. Sampulo ya magalamu 0.4 yapereka 480. Ndiye kuti 480 kugawa ndi 60,000, kuchulukitsa ndi 500, tipeza mamaikirogalamu 4, amene pa magalamu 0.4 ndi 10 ppm.

Musanalembe 10 ameneyo, tengani paketi yachitatu ija. Fosiforasi woyerayo mumudutsitse m'njira yomweyo, ndi mperekezi wakewake, ndipo muwerenge Si-31 amene watulukamo. Zimenezo zikuuzani kuti pamalo amene munaika sampulo, maikirogalamu imodzi ya fosiforasi imanamizira silikoni wochuluka bwanji. Fosiforasi wa m'sampulo mungamupeze ndi njira ya mtundu wa buluu wa molybdenum, kapena powerenga P-32 m'madzi otsala aja patatha sabata. Ngati alimo 3 ppm ndipo maikirogalamu iliyonse imanamizira imodzi, yankho lanu ndi 7 ppm. Ngati chochotsacho chikuposa theka la nambala yonse, m'lipoti lembani kuti silikoni "sakupitirira" mlingo wakuti, ndipo mupemphe malo ozizirirapo mu riyakitala kuti mubwereze.

Madzi otsala musawathire pamodzi. A fluoride apite m'botolo lawo la pulasitiki, a perchloric m'lawo, lililonse lolembedwa tsiku, ola ndi maaisotopi amene alimo. Si-31 ndi Mn-56 amakhala atatha pakadutsa masiku awiri, koma ngati sampulo inali ayironi muli Fe-59 wa masiku 44, ndipo ngati munali kobati ngakhale pang'ono muli Co-60 wa zaka 5.3. Mabotolo amenewo mukawapereke m'manja mwa woyang'anira za cheza pamalopo, asayine m'buku lanu.